Ndime Yanga Inathera pa Wilibala

Pamsika wa Namitambo alipo anthu amene mpaka lero akandiona amavula chipewa, kenako n'kuphulika kuseka. Nkhani yake amaifotokoza molakwika. Ena amati ndinaledzera. Ena amati ndinauka kwa akufa. Bola ndiinene ndekha, kamodzi, ithe.

Ine sindine munthu wa mawu. Mayi a kunyumba, amake Tereza, amati mawu onse amene ndalankhula m'zaka makumi anayi za banja lathu sangadzaze kabokosi ka machesi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinaswa miyala ku Njuli zaka khumi ndi zisanu, kenako ndinagwira khasu kumudzi kwa mkazi, kumene ndili mkamwini mpaka pano. Kuchipatala ndinkapitako kukazonda ena.

Chaka chatha phuma linayamba. Kukwera kamtunda ka kuseri kwa nyumba, befu. Kuwerama kumanga nsapato, befu. Mapazi n'kumatupa. Kuchipatala cha mishoni ananditumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko anandipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumaonera mtima wanga pa kanema.

"Bambo, valavu ya mtima wanu yatha," anatero dokotala.

Valavu ndimaidziwa. Ya njinga ikatha timasinthira pansi pa mtengo.

"Sinthani," ndinatero.

Anaseka pang'ono. Anati pafunika opaleshoni. Madokotala a mitima abwera kuchokera kunja pakatha miyezi iwiri, ndipo dzina langa alilemba. Koma odwala ndi ambiri kuposa masiku amene madokotalawo akhale. Amene thupi lake silinakonzeke amamudumpha, malo ake n'kupatsa wina. Wodumphidwayo adikire chaka china, ngati mtima wake ungalole. Wanga, anati, sukuoneka wololera.

Ananditumiza m'chipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa odwala zolimbitsa thupi. Ndinapezamo mayi wamng'ono kwa mwana wanga Tereza, koma mawu ake ngati kapitawo wa pamiyala.

"Zinthu zitatu, bambo. Choyamba, mpando. Kukhala, kudzuka, kukhala, kudzuka, kakhumi, osagwirira." Kenako anandipatsa kapulasitiki kokhala ndi timipira titatu m'kati ndi kapaipi. "Chachiwiri, muzikoka mpweya apa mpaka timipirati tikwere. Chachitatu, kuyenda. Mphindi makumi awiri tsiku lililonse, osaima."

"Kupita kuti?"

"Kulikonse."

"Kukatani?"

"Kungoyenda, bambo."

Ndinayang'ana amake Tereza. Iwo anayang'ana pansi. Kwathu zongoyenda ndi nkhuku ndi amisala.

"Ndipo muziyenda mukulankhula," anapitiriza mayi uja. "Mawu ndiwo muyeso wanu. Mukamatha kunena nkhani mpaka kumapeto, liwiro lili bwino. Mawu akayamba kuduka, chepetsani. Chifuwa chikathina kapena mukamva chizungulire, imani, pitani kuchipatala."

"Amenewa alankhule?" anatero amake Tereza. "Mayi, kulibe mankhwala ena?"

Mayi uja anandipatsa khadi la timabokosi, loti ndizichonga kamodzi tsiku lililonse ndikayenda. Pakutha pa miyezi iwiri adzandiyesa. Ndikakhoza, opaleshoni. Ndikalephera, kunyumba.

M'minibasi ndinawauza amake Tereza chinthu chimodzi: asadziwe munthu. Kumudzi zikamveka kuti akukakung'amba pachifuwa, anthu amayamba kukuyang'ana ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. (Apa ndi pamene ndinayambira kulakwa, koma tsiku limenelo ndinkadziona wanzeru.)

Mpando sunavute. Ndinkatseka chitseko. Timipira natonso ndinkakokera kuchipinda, ngakhale kachitatu kanali kamwano, kosafuna kukwera. Koma kuyenda sungatsekere chitseko.

Sabata yoyamba inadyedwa ndi moni. Kwathu moni si woponya uku ukudutsa. Umaima, umafunsa kunyumba, amakufunsa kunyumba, mumadandaula za mtengo wa feteleza, ndiye mumasiyana. Kuchoka pakhomo panga kukafika pamjigo ndinakumana ndi anthu asanu ndi anayi. Wotchi inati mphindi makumi awiri zakwana. Miyendo inati tayenda zitatu.

Ndiye funso lija. "Ulendo wakuti, bambo a Tereza?"

"Kudimba."

"Opanda khasu?"

Mawa lake ndinati kusitolo. Ndinabwerako nditanyamula mchere wa nyumba ziwiri ndi sopo wa nyumba yachitatu. Lachisanu anyamata a kabaza anayamba kunditsata. "Madala, kwerani, wapansi mufika mawa!" Ndikanawauza bwanji kuti kulibe kumene ndikufuna kufika?

Sabata yachiwiri ndinasintha nzeru. Ndinkadzuka kukangocha, anthu asanatuluke, n'kudzera kanjira kozungulira mudzi, kuseri kwa nyumba. Moni panalibe. Panatsala kulankhula. Ndilankhule chiyani, ndi yani? Ndinayesa pemphero la Atate Athu, koma limatha msanga, komanso sindinaone bwino kuyesera phuma mawu a Mulungu. Ndiye ndinaganiza za mayina. Mayina satha. Nyumba iliyonse ndikamaidutsa ndinkatchula eni ake, mokweza, kuti ndimve ngati mawu akuduka.

"Muno ndi mwa a Mose. Mkazi wawo ndi Anachisale. Ana awo ndi Filipo, Marita ndi Yohane. Muno ndi mwa a Lufeyo."

Zinkayenda bwino kwambiri. Sindinadziwe kuti amayi opita kumjigo amadzuka ine ndisanadzuke.

Loweruka anabwera a Lufeyo. Amenewa ndi alamu anga, achimwene awo a amake Tereza, mwini mbumba. Anakhala pakhonde, anavula chipewa, anachiveka bondo.

"Alamu, ife tinakupatsani mkazi. Tinakupatsani munda. Chatsala n'chiyani?"

"Palibe."

"Nanga dzina langa likutani pakamwa panu, kuseri kwa chimbudzi changa, dzuwa lisanatuluke?"

A Lufeyo anapitiriza.

"Lachiwiri munatchula a Mose, Lachitatu a Mose malungo. Dzulo mwatchula ine, lero bondo ili lakana."

"Bondo limenelo linayamba kukana ine ndisanakwatire."

"Koma lero lakana mwa mtundu wina."

Khadi linali m'thumba la malaya anga. Ndikanangolitulutsa, nkhani ikanathera pomwepo. Amake Tereza anali pakhomo akundikodola ndi maso kuti nditero. Ine ndinangoti, "Ndamva." A Lufeyo anapita akutsimphina, akucheuka.

Ndinasiya kuyenda. Masiku khumi ndi anayi. M'mawa uliwonse amake Tereza ankaika khadi pafupi ndi kapu ya tiyi, cholembera pamwamba, osanena kanthu. Akakhala chete amayi amenewa ndiye kuti alankhula zambiri. Tsiku lina anati, "Manyazi anuwa, akadzakudumphani, mudzawaika pachifuwa m'malo mwa valavu?" Ndinamwa tiyi.

Linafika Lolemba, Lachinayi lake tikufunika ku Blantyre kukaonetsa khadi pakati pa miyezi iwiri ija. Timabokosi khumi ndi tinayi tinali pululu. Ndinakhala pansi ndi kuwerengera, chifukwa masamu ndinkakhoza. Mphindi makumi awiri, masiku khumi ndi anayi: maola asanu kupereweza pang'ono.

Tsono ine ndakulira pa ganyu. Pa ganyu amakupimira ndime. Ulime pang'onopang'ono sabata yonse kapena uigwetse tsiku limodzi, mwini munda alibe nazo ntchito. Bola ndime ithe. Ndinaona kuti mayi wa mafizo uja anandipimira ndime, ndipo ndime yatsalira. Munthu amene anaswa miyala ku Njuli alephere kuyenda maola asanu? Kuyenda chabe, wopanda katundu?

Ndinachonga timabokosi tonse nthawi imodzi, ndisananyamuke. (Sindinaone ngati bodza. Ndinaona ngati kulonjeza.) Amake Tereza anali atapita ku msonkhano wa mphakati. Ndinavala nsapato za kutchalitchi, ndinalowa msewu waukulu wa ku Namitambo. Linali tsiku la msika, ndiye palibe amene akanandifunsa kumene ndikupita. Unali mwezi wa Okutobala. Madzi sindinatenge.

Theka la ola loyamba ndinkadzitama. Ndinadutsa mayi wosenza nthochi. Ndinadutsa ngakhale mbuzi. Kulankhula ndinaleka, poti panali anthu. Ndiye muyeso uja ndinalibe, ndinkayenda ngati galimoto yopanda mabuleki.

Ola litakwana, chifuwa chinayamba kuthina ngati wina akumanga mtolo wa nkhuni. Ndinakumbukira mawu aja akuti imani. Ndinati ndiima pa mtengo wa mango uwo. Nditafika pamtengopo ndinati ndiima pa winawo. Wachitatuwo ndinauona uli iwiri, kenako msewu unapendekeka. Ndinakhala pansi. Kukhala kunakanika, ndinagona.

Anthu anaunjikana. Anaitana kabaza, koma nditakhala pampando ndinayamba kutsetsereka ngati thumba losamanga. Pamenepo anafika bambo wina wogulitsa kabichi, akukankha wilibala. Anakhuthula kabichi wake pambali pa msewu, anandiikamo, miyendo lende kutsogolo, nsapato za kutchalitchi zikuwala. Mayi wina wachifundo anati dzuwa limupha, anamasula chitenje chake n'kundifunditsa. Kuyambira kumutu.

Njira ya kuchipatala chaching'ono imadutsa pakati pa msika.

Muganize nokha zimene anthu anaona. Wilibala ikuyenda pang'onopang'ono, munthu wofunditsidwa nkhope, mapazi akugwedezeka, gulu likutsata pambuyo lili chete. Wailesi ya pa sitolo inazimitsidwa. Ndinamva ndi makutu anga.

Chilungamo chake ndi ichi: titafika pakati pa msika ndinali nditayamba kupeza bwino. Mthunzi wa chitenje unathandiza. Ndikanatha kuchivundukula. Koma ndikanavundukula, msika wonse ukanaona nkhope yanga ili m'wilibala ya kabichi. Ndinasankha kukhala maliro.

Ndiye ndinamva za pamaliro panga ndili moyo.

"Ndani ameneyo?"

"Mkamwini wa kwa a Lufeyo. Wosalankhula uja."

"Aa! Ogo! Anali munthu wofatsa."

"Wofatsa chiyani? Si uja amazungulira mudzi kutchula mayina? Zamubwerera."

"Nsapatozo n'zabwino koma."

Wakabaza amene analephera kundinyamula uja sanafune kubwerera chabe. Anapalasa mpaka kumudzi kukapereka uthenga.

Kuchipatala anandigoneka, anandipima, anandipatsa mpweya wa m'paipi. Adokotala a pamenepo atawerenga buku langa la kuchipatala anandiyang'ana nthawi yaitali. "Madala, ndi mtima umenewu, dzuwa limeneli? Mumafuna kukafika kuti?" Funso lomwe lija.

Ndinali nditakhala tsonga ndikumwa madzi pamene kulira kunamveka kuchokera kumsewu. Mawuwo ndinawadziwa. Amake Tereza analowa manja ali kumutu, mpango utagwera paphewa, amayi awiri a mphakati atawagwira uku ndi uku. Pambuyo pawo a Lufeyo, atavala jekete lawo lakuda limene limatuluka pa maliro pokha. Bondo linali litachira, chifukwa anachita kuthamanga.

Kulira kunaduka pakati.

"Muli moyo?"

"Ee."

"Basi? Ee? Ine ndalira kuchokera kumudzi mpaka pano, inu mukuti ee?"

Anakhala pa benchi. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Mukanafera pamsewu ngati galu, ine n'kumva kwa wakabaza." Kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya anga, anatulutsa khadi, anapatsa achimwene awo, n'kufotokoza zonse. Valavu, madokotala, timipira, mpando, kulankhula. Pamaso pa amayi a mphakati, amene ndi chimodzimodzi kulengeza pa wailesi.

A Lufeyo anatembenuza khadi kawiri. "Ndiye mayina aja munkangoyesera phuma?"

"Ee."

"Alamu, ndinu chitsiru. Ine masabata awiri ndikugona ndi kolona m'khosi." Anavula jekete, analipinda bwino. "Ndipite ndikauze anyamata abweze makasu."

Lachinayi ku Blantyre anandipimanso mtima, anati mwayi wanga, mtimawo sunaonongeke kuposa kale. Kenako chipinda cha mafizo. Mayi uja anayang'ana khadi. Timabokosi tonse tochongedwa, mwaukhondo.

"Mwachita bwino, bambo."

"Afunseni tsiku limene anachonga," anatero amake Tereza.

Nkhani yonse inatulukanso, ndi wilibala yomwe. Mayiyo sanaseke. Ndinayesa kumufotokozera za ndime. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Muli ndi dimba, bambo?"

"Ndili nalo."

"Mukaiwala kuthirira mpiru masabata awiri, mumathira madzi onsewo tsiku limodzi?"

"Ungavunde."

"Mwayankha nokha."

Anang'amba khadi, anandipatsa latsopano. Anati ndipume masiku atatu, ndiyambirenso ndi mphindi khumi, ndizionjezera pang'onopang'ono, nthawi yozizira, madzi m'manja. Kwatsala mwezi umodzi. Ndikadumphanso tsiku popanda chifukwa, iye yemwe akauza madokotala kuti malo anga apatse wina. Ndipo ndisayendenso ndekha.

"Ayenda ndi ine," anatero amake Tereza. "Ndipo alankhula."

Ndiye zinayamba. Ine ndi mkazi wanga, mbali ndi mbali, pamsewu, opanda khasu, ngati a pa chibwenzi a ku sekondale. Lamulo lawo linali limodzi: iwo afunsa, ine ndiyankha, ndipo ee ndi ayi sawerengedwa.

Tsiku loyamba ndinafotokoza za mbuzi. Lachiwiri za denga la khitchini. Lachitatu za mbuzi. Tsiku lachinayi nkhani zinatha, ndiye ndinaulula kuti therere lawo limachuluka soda.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka cha ukwati."

Sanalankhulenso mpaka kunyumba. Mphindi zotsalazo ndinalankhula ndekha, kupepesa. (Phuma linakwana. Kupepesa kumafuna mpweya wambiri kuposa kamtunda.)

Mudzi umene ndinkaubisira uja sunandiyang'ane ngati mbuzi. Anthu akationa ankakuwa okha, "Musaime, musaime, tadzuka bwino!" A Mose ankatisungira madzi pakhonde. A Lufeyo ankakhala pa chitsa m'mbali mwa njira. "Alamu, tchulani dzina langa, timve ngati mphepo ilipo!" Anyamata a kabaza okha ndi amene sanasinthe. "Madala, wilibala ilipo, tiitane?"

Sabata yomaliza, tili pa kamtunda ka kuseri kwa nyumba kaja, amake Tereza anafunsa, "Mukuopa?"

"Ee."

"Ee sawerengedwa."

Ndinayenda mapazi angapo. Kenako ndinanena. Ndinati mpeni sindiuopa, koma ndikuopa kugona osadzuka, kutali ndi kwathu, n'kuwasiya ndi denga lodontha ndi mbuzi zosamva. Ndinati ndili pansi pa chitenje chija ndinamva anthu akunditchula wosalankhula, ndipo ndinaona kuti ndikanapita tsiku limenelo, iwo akanatsala osadziwa kuti tsiku limene ndinawaona koyamba ku mishoni ndinabwerera kwathu wapansi, njinga nditaiiwala komweko.

Tinayenda mpaka pamwamba pa kamtunda.

"Mawu sanaduke," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mawa tionjezera mphindi ziwiri."

Tsiku la mayeso anandiveka kachipangizo pachala, n'kundiyendetsa m'khonde la chipatala, kupita ndi kubwera, mphindi zisanu ndi imodzi. Mayi wa mafizo ankayenda pambali panga ndi wotchi. Anati ndinene kanthu. Ndinamufotokozera za therere. Anati zakwana, ndinapitiriza. Mpando kakhumi. Timipira tonse titatu tinakwera, ndi kamwano kaja komwe. Analemba pa pepala, anati, "Dzina lanu likhala."

Za opaleshoni ndilibe zambiri. Anandigoneka, anandidzutsa. Sipanapite masiku, ulusi uli pachifuwa, anati dzukani pa bedi, khalani pa mpando, kokani timipira, yendani m'khonde. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene ankandikonzekeretsera. Miyendo inali ikudziwa kale ntchito yake.

Tsiku lotuluka, dokotala anati kuyenda kusalekeke. Tsiku lililonse, moyo wonse.

"Nanga kulankhula?" ndinafunsa.

Dokotala anatsegula pakamwa, koma amake Tereza anamutsogolera.

"Nakonso. Moyo wonse."

Dokotalayo sanatsutse. Ndikukhulupirira kuti anapangana.

Valavu yatsopano ikugwira bwino. Kamtunda kaja ndimakwera osaima. Ndime ndinaphunzira kuti si zonse zimene zimagwetsedwa tsiku limodzi. Koma nkhani zikundithera. Za mbuzi ndanena zonse, za denga ndanena ndipo ndalikonza, za njinga ya ku mishoni amafuna ndizibwereza Lamlungu lililonse. Dzulo anafunsa ngati pali china chimene amaphika chimene sindichikonda.

Chilipo. Koma mtimawu angousoka kumene. Ndinawauza kuti mawu aduka, tichepetse liwiro.